Chimphona cha malimba akale chinachokera ku Hamburg

Pa malimba onse a mtundu wa harpsichord amene anapangidwa chisanafike chaka cha 1900, lalikulu kuposa onse lidakalipo. Analipanga mu 1740 ndi Hieronymus Albrecht Hass, mmisiri wa mumzinda wa Hamburg ku Germany, yemwe anabadwa mu 1689 n'kumwalira mu 1752.

Harpsichord ndi limba la nsambo lomwe linkamveka m'nyumba za mafumu ku Ulaya piyano isanatchuke. Mukadina kiyi, kachidutswa ka nthenga ya mbalame kamakodola nsambo monga chimachitira chala pa bangwe, pomwe piyano imachita kumenya nsambozo ndi tinyundo. Vuto lake ndi lakuti kaya mudine ndi mphamvu, kaya monyengerera, mawu amatuluka pafupifupi chimodzimodzi. Wofuna mawu ochuluka ankayenera kuwonjezera nsambo.

Hass anawonjezeradi, mosaumira. Amisiri anzake ankakhutira ndi mzere umodzi kapena iwiri ya makiyi, ndi magulu awiri kapena atatu a nsambo. Lake la 1740 lili ndi mizere itatu ya makiyi ndi magulu asanu a nsambo, omwe amatchulidwa 16, 8, 8, 4 ndi 2, manambala obwereka ku utali wa mapaipi a limba la m'tchalitchi. Gulu la 16 ndilo la besi yakuya, ndipo Hass analipatsa thabwa lakelake lomvekera kuti lisalemetse anzake. Gulu la 2 ndi la tinsambo tatifupi, tolira psiii pamwamba penipeni. Kuchuna zonsezi kusanayambe kuimba ndi ganyu payokha, ndipo ine ndimaona kuti mkuluyu anapitirira muyezo, koma ndi kupitirira kwa munthu wodziwa ntchito yake.

Pa zokongoletsanso sankanyinyirika. Malimba a banja la Hass amadziwika ndi zigoba za kamba wa m'nyanja, minyanga ya njovu ndi zithunzi zotengera luso la ku China.  Malimba ena a Hass amene anapulumuka ndi la 1723 ku Copenhagen, la 1732 ku Oslo ndi la 1734 ku Brussels. La mwana wake Johann Adolph, la 1764, lili ku Edinburgh.

Pa ukale, Hass ndi wadzulodzulo. Ku London kuli harpsichord ya 1521 ya mmisiri wa ku Bologna, ndipo yakale kwambiri ya ku Germany ndi ya Hans Müller wa ku Leipzig, ya 1537, yomwe imasungidwa ku Rome.

Koma si limba lakale lililonse lomwe ndi lenileni: chikho cha ukathyali chimapita kwa Leopoldo Franciolini, wamalonda wa zinthu zakale ku Florence. Iyeyu ankatenga malimba akale, n'kuwalumikiza ndi zidutswa za ena, n'kulembapo mayina ndi zaka zabodza. Ena ankawaika mizere itatu ya makiyi kuti mtengo ukwere, ogula n'kumaganiza kuti atola chikwama. Khoti linamupeza wolakwa mu 1910, koma katundu wake anali atalowa kale m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America. N'chifukwa chake akatswiri akaona harpsichord yakale ya mizere itatu amayamba akayika kaye. Ya Hass ndi imene anaivomereza kuti ndi yeniyeni.

Harpsichord itayamba kubwereranso m'zaka za m'ma 1900, ambiri anaganiza kuti besi yakuya ija ndi mmene malimba onse akale ankakhalira, chonsecho inali ya amisiri owerengeka a ku Germany. Kampani ya Pleyel ku Paris inaika gulu la 16 pa limba lomwe inapangira mayi woimba harpsichord, Wanda Landowska, mu 1912, ndipo opanga ena anatengera kwa zaka zambiri. Wophunzira wa mayiyu, Rafael Puyana wa ku Colombia, ndi amene anadzagula chimphona cha 1740 chija. Anachikonzetsa, n'kujambulirapo nyimbo za Domenico Scarlatti, ndipo anachisunga ku Paris mpaka pamene anamwalira mu 2013.