Mbava zosadutsa pa chipata cha Mwami

Mu Disembala 2022, atsogoleri a Malawi ndi Zambia, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami. Cholinga chinali choti wapaulendo aziima malo amodzi, mapepala ake n'kuonedwa ndi maiko onse awiri, m'malo mofola kawiri. Oyendetsa mathiraki ndi amayi okapikula katundu ku Chipata adapumako. Komatu mapepala a wapaulendo amachokera m'makompyuta a boma, ndipo patangotha chaka Amalawi adaona zomwe zimachitika makompyutawo akagwidwa ndi anthu osaoneka.

Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idasiya kusindikiza mapasipoti. Mu Febuluwale, Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowa m'makompyuta a nthambiyo ndipo zikufuna dipo. Adati boma silipereka. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi, koma masabata a pakatipo adali owawa. Wa ku Mchinji wongopita ku Chipata amatha kudutsa ndi kachikalata ka pachipata. Koma wophunzira amene adapeza malo kunja, wodwala wofuna chipatala cha kutali, ngakhale mnyamata wa ulendo wa ku Joni, onse adangoti kakasi.

Mapulogalamu ochitira umbava wotere amatchedwa ransomware. Sanyamula kompyuta ayi. Amatseka zonse zili m'katimo kuti mwini wake asathe kuziwerenga. Zili ngati munthu wabwera usiku pa golosale yanu, wakhoma loko wake pachitseko, m'mawa n'kukutumizirani uthenga woti kiyi ali naye, mugule. Katundu ali momwemo, koma malonda aima. Anansi athu nawo zidawaonekera: mu Meyi 2022 gulu lotchedwa Hive lidalowa m'makompyuta a Bank of Zambia, ndipo bankiyo idakana kulipira. Mu Januwale 2023 apolisi a FBI ku America, mothandizana ndi a ku Ulaya, adalanda makompyuta a gululo.

Nanga amalowera pati? Nthawi zambiri pa imelo yomwe wogwira ntchito watsegula mosaganizira, pa pasiwedi yobedwa, kapena pa chibowo cha mu pulogalamu yakale. Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu, ndipo imakhala ndi zolakwika. Kampani ikazipeza imatumiza chigamba, chomwe ndi uthenga uja wa update umene ambirife timaukana poopa kutha kwa bandulo. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry idagwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150, mpaka zipatala zina za ku England zidabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'choti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Ambiri sadachiike.

Wina anganene kuti izi ndi za maofesi a ku Lilongwe. Ayi ndithu. Kompyuta ya mlimi wa ku Mkanda kapena Kapiri ili m'thumba mwake, ndipo ndalama za mtedza ndi soya zimagona momwemo, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Foni imatha kudwala isanatuluke m'katoni. Mu 2020 ofufuza a kampani ya Upstream adapeza vayirasi ya Triada m'mafoni ena a Tecno W2 ogulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa. Inkalembetsa eni mafoni mwakachetechete ku zinthu zolipira, mayunitsi ndi bandulo n'kumangosungunuka. Chaka chotsatira a Kaspersky adapezanso Triada mu FMWhatsApp, imodzi mwa ma WhatsApp osavomerezeka a mtundu wa GB WhatsApp. Achinyamata amawakonda chifukwa amaonetsa mauthenga omwe mnzako wafufuta. Amapatsirana pa Xender kapena kukaikitsa kwa anyamata obena nyimbo pamsika, popanda wodziwa amene adaisintha pulogalamuyo ndi zomwe adabisamo. Apu yomwe mwailola kuwerenga mauthenga anu imathanso kuwerenga manambala achinsinsi omwe banki imakutumizirani.

Komabe njira yomwe yaliza anthu ambiri kuno sifuna ukatswiri wa kompyuta. Ndi uthenga uja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ndi foni ya munthu waulemu, wa Chichewa chosalala, wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, wonena kuti akaunti yanu yatsekedwa ndipo akufuna PIN kuti aitsegule. Ena amauza ejenti kuti akumuthandiza kukonza layini, n'kumuwerengera manambala oti adine, kapitolo yense n'kupita. Nyengo yokolola, pomwe ndalama zimayenda kwambiri pa Kamwendo ndi Waliranji, ndi pamene munthu ayenera kukhala tcheru koposa. Mbavazi zimakonda kunamiziranso Mtukula Pakhomo, ntchito yomwe idayambira m'boma la Mchinji lomweli mu 2006, ponena kuti dzina lanu latuluka koma mulipire kaye kangachepe. Amene amagwa m'mbunamu ndi agogo ndi amasiye, omwe ntchitoyo idakhazikitsidwira.

Ndipo umbavawu sulinso wa munthu mmodzi wobisala kuchipinda. Mu Epulo 2024 akuluakulu a boma la Zambia adathyola ofesi ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, n'kugwira anthu 77 ndi ma simu khadi oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a ku Zambia olembedwa ntchito yocheza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mawu okonzedwa kale. Mu Juni chaka chomwecho khoti lidalamula nzika za China zoposa 20 kukakhala kundende zaka 7 mpaka 11.

Malamulo alipo. Malawi ali ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, lina la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, komanso gulu la akatswiri la mwCERT pansi pa MACRA. Vuto ndi loti machenjezo ambiri amatuluka m'Chingerezi, pa Facebook, pamene wakubayo amalankhula Chichewa pa foni ya mabatani. Ku Mchinji uthengawu uyenera kudutsa pa wailesi ya Mudzi Wathu, m'magulu a banki mkhonde ndi pa mabenchi a anyamata okonza mafoni. Iwowa ndi amene angauze kasitomala kuti kampani ya mafoni sifunsa PIN, n'kumuchotsera GB WhatsApp asanamubwezere foni yake.