Chizungulire chochokera m'khutu chili ndi mankhwala ake

Ambiri a ife tinaonapo agogo kapena mayi akudzukira swala ya m'bandakucha, kungotembenuka pamphasa nyumba yonse n'kuyamba kuwazungulira. Ena chimawagwira powerama pa ruku kapena podzuka pa sijida. Sichitha mphindi imodzi, koma mantha amatsala. Timathamangira kunena kuti ndi BP kapena kuchepa kwa magazi, pamene chizungulire chotere kawirikawiri gwero lake ndi khutu.

Mkatikati mwa khutu muli timachubu titatu topindika, todzaza madzi. Mutu ukatembenuka madziwo amayenda, ubongo n'kudziwa kumene tapendekera. Pambali pake pali timiyala ta kasiyamu, tochepa kuposa mchenga. Timiyalati tikasweka pamalo pake, chifukwa cha ukalamba kapena kumenyetsa mutu (anyamata a mpira, izi zikukukhudzani), timagwera m'kachubu. Munthu akasuntha mutu timagubuduzika n'kukankha madzi, khutu n'kunamiza ubongo kuti dziko likuzungulira. Madokotala amautchula BPPV matendawa.

Poyeza, dokotala amakhazika wodwala pabedi, kumupotoza mutu madigiri 45, n'kumugoneka chagada mofulumira. Ngati ndi timiyala, maso amayamba kunjenjemera okha. Kuchiza kwake ndi manja basi. Amatembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono, kuima masekondi pafupifupi 30 pamalo aliwonse, mpaka timiyala titabwerera kwawo. Njirayi anaiyambitsa dokotala wa ku America, John Epley, mu 1980, ndipo ambiri amachira akachitiridwa kamodzi kapena kawiri. Mapiritsi amangochepetsa nseru. Sasuntha kamwala ngakhale kamodzi. Kudontheza mafuta m'khutu ndiye n'kutaya nthawi, chifukwa sangafike kumeneko.

Tisayese tokha kunyumba tisanapimidwe, makamaka kwa amene ali ndi vuto la khosi kapena msana. Podikira chithandizo, wodwala asakwere njinga, asatunge madzi pachitsime, asaphike yekha. Akhoza kuswali chokhala; tikupempha a komiti ya mzikiti kuti mipando ingapo izikhalapo. Kugwa kumodzi kwa munthu wachikulire kumathyola fupa la m'chiuno.

Koma chizungulire chikabwera ndi kupotoka pakamwa, kufooka mkono kapena mwendo, kulankhula movutika, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mutu woopsa, musadikire kuti chitha chokha. Imeneyo ingakhale sitiroko, ndipo wodwala apite kuchipatala ola lomwelo.