Za Kufuna Malo Ogona ku Cape Town pa Nyengo ya Kirisimasi

Kwathu kuno mlendo salipira tulo. Akafika dzuwa litapendeka amuyalira mphasa, nampatsa madzi osamba ndi nsima, ndipo m'mawa apitiriza ulendo wace wosaturutsa ngakhale tambala. Cifukwa cace atate ndi amai ambiri, mwana wao wa ku Cape Town akawaitana kuti akadye naye Kirisimasi, aganizira za pasipoti ndi za tikiti ya basi, koma za pogona saziika kumtima. Amati, "Nanga mwanayo alibe nyumba?" Koma ana athu ambiri kumeneko akhala m'kacipinda kamodzi ka lendi, awiri kapena atatu pamodzi, ndipo sikuyenera kuti mai agone m'cipinda ca anyamata. Pamenepo afuna hotela, ndipo akapanda kucenjera, ndarama zimene mnyamata anasunga miyezi yambiri zikhoza kutha masiku anai.

Tiyambe tadziwa cimene cikweza mtengo. Inu nonse mudziwa kuti thumba la cimanga limene muligula mochipa pa nthawi yokolola, m'mwezi wa Febuluwale silikhudzika; cimanga ndi comweco, koma ocifuna acuruka. Cipinda ca hotela ciri momwemo. Kama ndi yemweyo caka conse, koma mtengo wace utsata khamu la anthu. Tsono ku Cape Town mvula igwa kwambiri m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo Disembala ndiye mwezi wa dzuwa ndi wa kusamba m'nyanja. Masukulu a South Africa atseka Disembala natsegula pakati pa Januwale. Amisiri omanga nyumba ndi a m'mafakitale ambiri aweruka pafupi ndi pa 16 Disembala, limene liri tsiku la chuthi m'dziko lonselo. Pamenepo anthu a ku Johannesburg ndi ku Pretoria atsikira kunyanja ndi mabanja ao, nakomana ndi azungu othawa cisanu ca ku Ulaya. Khamu limeneli silicepa kufikira atatha masiku oyamba a Januwale, pamene magulu a Kaapse Klopse abvina m'miseu atabvala zonyezimira. Mwambo wao ngwa pa 2 Januwale, tsiku limene akapolo a ku Cape ankapatsidwa mpumulo kale lomwe.

Motero masiku odula koposa ndiwo a pakati pa 16 Disembala ndi sabata loyamba la Januwale. Amene akhoza kusankha, apite Novembala kapena adikire masukulu atsegule, ndipo ambiri a ife kudikirako kutikomera, pakuti Disembala ndiye mwezi wa kubzala ndi kupalira, ndipo munda sudziwa Kirisimasi. Koma ngati mwana apuma nchito masiku omwewo basi, afune cipinda miyezi itatu kapena inai isanafike nthawi. Zipinda zochipa ndizo ziyamba kutha. Wocedwa apeza zodula zokha. Adziwenso kuti eni nyumba ambiri pa masiku amenewa salola mlendo wa usiku umodzi, koma afuna kuti alipire masiku angapo pamodzi.

Caciwiri ndico dera. M'mbali mwa nyanja, ku Camps Bay, ku Clifton, ku Sea Point ndi ku Waterfront, munthu alipira zenera loona madzi. Ife a kumudzi zenera limenelo tiribe nalo nchito. Ku Observatory ndi ku Woodstock, kapena kutsogolo ku Goodwood, ku Parow ndi ku Bellville, kuli nyumba za alendo zaukhondo za mtengo wotsika, ndipo nyanja siithawa. Sitima yocokera pakati pa mzinda ipyola Observatory ndi Rondebosch nifika ku Muizenberg, kumene siteshoni iri pamphepete penipeni pa mcenga. Mabasi a MyCiTi, amene anayamba kuyenda m'caka ca 2010, afika ku Camps Bay ndi ku Table View, koma salandira ndarama m'manja. Muyamba mwagula khadi lace. Cenjerani pokha kuti nyumbayo ikhale pafupi ndi siteshoni kapena poima basi, pakuti cipinda cochipa cimene cifuna takisi m'mawa ndi madzulo ndico codula. Ndipo za makwalala oyenera kuyendamo usiku, mverani mwana amene akhala komweko koposa cithunzi ciri conse.

Palinso malo amene ambiri sawaganizira. Ophunzira a University of Cape Town akapita kwao kuchuthi, sukuluyo ibwereketsa zina mwa zipinda zao kwa alendo. Zipindazo nzacabecabe pozipenya, kama ndi tebulo basi, koma nzotetezeka. Ziripo nyumba zina za apaulendo zimene ziri ndi khichini ya onse, ndipo ine ndiziyamikira kwambiri, pakuti cakudya ca m'hotela cidya ndarama mwakacetecete. Ufa woyera ugulidwa m'sitolo iri yonse, cifukwa eni dziko nawonso adya nsima imene aicha pap. Mai akapeza poto ndi mthiko, banja la anthu anai lidya tsiku lonse ndi ndarama imene ikanagula mbale imodzi kunyanja.

Safunsa anadya phula. Musanalipire funsani ngati mtengo umene auchula ngwa cipinda conse kapena ngwa munthu mmodzi, pakuti kumeneko nyumba zambiri ziwerenga pa mutu, ndipo atate ndi amai alipira kawiri. Funsani ngati msonkho wa boma, umene uli 15 pa 100, uli m'kati, ndiponso ngati cakudya ca m'mawa ciri pomwepo. Funsani ndarama zimene abweza ulendo ukalephereka, ndi ora lolowera m'cipinda, limene kawirikawiri liri 2 koloko masana.

Koposa zonse opani mbala za pa intaneti. Caka ndi caka nyengo imeneyi anthu oipa aika pa Facebook zithunzi za nyumba zokongola za eni ace, nachula mtengo wotsika modabwitsa, nakakamiza munthu kuti atumize cikole lero lomwe cifukwa ena aifunanso. Banja lifika ndi katundu pamutu, nilipeza kuti mwini nyumba sadziwa kanthu. Ife tiri ndi mwai umene mlendo wa ku Ulaya alibe: mwana ali pompo. Apite yekha, agogode, aone cipinda ndi cimbudzi, alankhule ndi mwini wace, ndipo alandire kalata yolembedwa masiku ndi mtengo. Nyumba zambiri zoona ziri ndi cikwangwani ca nyenyezi, kuyambira imodzi kufikira zisanu, copatsidwa ndi Tourism Grading Council of South Africa. Ya nyenyezi imodzi kapena ziwiri itikwanira. Kalata ija muisunge pamodzi ndi pasipoti, pakuti pa cipata ca Beitbridge akhoza kukufunsani kumene mukagone.

Tsopano ndinene cimene ndiciyesa canzeru koposa. Khamu limene lidzaza Cape Town licokera kwina, ndipo kumene licokera kutsala zipinda zopanda anthu. Mahotela a ku Sandton ndi ku Rosebank, mu Johannesburg, akhalira anthu a malonda ndi a misonkhano. Iwowa akapita kunyanja, mitengo kawirikawiri itsika. Basi yocokera ku Blantyre, yodzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Harare, itsitsa anthu ku Johannesburg komweko, ndipo kuti nkhalamba zifike ku Cape Town ziyenera kukweranso ina, ulendo wa makilomita ngati 1,400. Ngati colinga ndico kuonana ndi kudyera pamodzi, mwana ndiye akwere kudza ku Johannesburg, tikiti imodzi m'malo mwa awiri, ndi kucingamira akulu ace potsikira basi. Tikiti yaceyo aigule msanga, pakuti mabasi nawo adzaza pamene mafakitale atseka.