Kodi mumadziwa? Mphamvu ya kreni yagona pa tsinde

Padoko ngati la Chipoka ku Salima, pomwe njanji inafika mu 1935, anthu amagoma ndi mkono wautali wa kreni, chonsecho nkhani yagona pansi. Mzati wozungulira umakhala pa bering'i yomangidwa pa konkire ndi mabawuti ataliatali. Katundu wa tani imodzi akalendewera mamita 10 kuchokera pa mzatiwo, amaupendeketsa mofanana ndi matani awiri pa mamita 5. Mkono ukatembenuka, mbali ya maziko yomwe inali yopanikizika imayamba kukokedwa m'mwamba, ndiye palibe mbali yonyozera. Vuto lina ndi mchenga wa pagombe, umene mafunde a mwera amaukokolola kunsi. N'chifukwa chake pamalo otere mainjiniya amayamba akhomerera zipilala zakuya asanathire konkire.