Mfuti ya Mpweya M'manja mwa Mnyamata: Kodi Ndi Yoyenera Kusakira Akalulu?

Mvula yoyamba ikagwa, soya, nyemba ndi nshawa zikayamba kutulutsa masamba anthete, kalulu nayenso amayamba kuyendera minda. Nyengo yomweyi ndiyo imene ana a sukulu amabwerera ku mafamu a ku Chipata, Katete, Petauke kapena Chisamba kudzapuma pa chuthi ca Disemba. Pamenepo m'mabanja ambiri mumamveka pempho limodzi: mnyamata wa zaka 14 kapena 16 afuna kuti amugulire mfuti ya mpweya, ija m'masitolo amaichula kuti air gun. Zifukwa zake zimamveka zanzeru. Adzateteza mbewu, adzabweretsa ndiwo, ndipo mfutiyo siicita phokoso. Makolo ambiri amabvomera msanga poganiza kuti kamfuti kopanda onga ndi mkulu wake wa legeni cabe. Ife tikuona kuti nkhaniyi ifunika kuiyamba ndi mafunso awiri: kodi mfutiyi ingathe kucita ciani, nanga kalulu wa kuno kwathu ndi nyama yotani?

Mphamvu ya mfutiyi

Mfuti zambiri za mtundu umenewu ndi zija zothyola pakati. Munthu akathyola mpope wake amapanikiza sipuling'i yolimba imene ili m'kati, ndipo akakoka kowombera sipuling'iyo imakankha mpweya mwamphamvu. Mpweyawo ndiwo umatulutsa kacipolopolo ka mtovu. Tizipolopolo tofala ndi ta mitundu iwiri: ta mamilimita 4.5 tolemera ngati theka la galamu, ndi ta mamilimita 5.5 tolemera pafupifupi galamu imodzi. Mfuti ya onga yaing'ono ya .22, imene alimi ena ali nayo, imaposa mfuti wamba ya mpweya pafupifupi kakhumi pa mphamvu.

Popeza mphamvuyo ndi yocepa motere, kacipolopolo kamapha kalulu nthawi yomweyo pokhapokha kakalowa mu ubongo, pakati pa diso ndi khutu. Malo amenewa kukula kwake ndi ngati khoini ya K1. Alenje ozolowera mfutizi sawombera kalulu amene ali kutali kuposa mamita 25 kapena 30, ndipo amayembekeza kuti nyamayo ikhale phee. Kalulu akalasidwa m'mimba kapena m'ncafu amathawa, nakabisala m'udzu, nafa pang'onopang'ono patapita masiku, bala lili ndi mphutsi. Banja silidya ndiwo, ndipo mwana amaphunzira kuti kubvulaza camoyo ndi kucisiya cikubvutika si nkhani. Mlenje weniweni amacita manyazi ndi zotere.

Kalulu wathu si wa ku Britain

Mbiri yakuti mfuti ya mpweya ndi yabwino pa akalulu inacokera makamaka ku Britain, ndipo anyamata athu amaionera m'mafilimu a pa foni. Koma kalulu wa kumeneko ndi wa mtundu wina. Amakumba mauna, amakhala m'magulu aakulu, ndipo madzulo amatuluka kudzadya udzu pafupi ndi una wake. Mlenje amangogona cafufumimba pa mtunda woyenera ndi kudikira kuti mmodzi aime.

Kalulu wa m'chire la kuno ali ndi makutu ndi miyendo yaitali, amalemera makilogalamu awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo sakumba una. Amayenda yekha. Ana ake amabadwa ali kale ndi ubweya, maso ali otseguka, pamene a kalulu wa m'mauna amabadwa opanda ubweya ndi osapenya. Usana amagona mwakacetecete pa tsinde la udzu, ndipo munthu samuona kufikira atabvumbuluka pa mapazi pake penipeni, nathawa mokhotakhota. Mfuti ya kacipolopolo kamodzi, yofuna kuthyolanso usanawombere kaciwiri, ilibe nchito pa nyama yothamanga motero. Nkona makolo athu anali kusaka kalulu ndi agalu, zibonga ndi maukonde.

Anyamata amadziwa njira yacidule. Kalulu amadya usiku, ndipo akamuunika ndi tochi amaima, maso ali psuu. Apa ndi pamene mwana amagwera m'manja mwa lamulo. Lamulo la nyama zakuthengo, Zambia Wildlife Act la mu 2015, limaika nyama zakuthengo za m'dziko lino m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, motero kalulu sakhala wathu cabe cifukwa wapezeka pa famu yathu. Malamulo a ulenje amaletsanso kusaka usiku ndi tochi kapena nyali ina iliyonse popanda cilolezo. Ngakhale lamulo likadakhala kulibe, usiku ndi nthawi imene munthu saona cimene cili kuseri kwa maso owalawo. Angakhale mphaka wa mnansi, mwana wa mbuzi, kapena wanchito amene wakhala pansi pobwerera ku komboni.

Tsoka silinunkha

Mfuti imene ndi yofooka pa kalulu wa patali ndi yamphamvu ndithu pa diso la munthu. Kacipolopolo kakawomberedwa m'mwamba kamauluka mamita opitirira 200, ndipo kakagunda mwala, citsulo kapena mtengo wouma kamanjanja ndi kupita kumene mwini mfuti sanalingeko. Fupa la mutu wa mwana wamng'ono ndi lopyapyala, makamaka m'litsipa. Pa famu sipasowa anthu: abusa a ng'ombe, amai otola nkhuni, ana otsatira abale ao mosaoneka.

Maiko kumene mfutizi ndi zofala anaphunzira ndi misozi. Mu 2005, mu mzinda wa Glasgow ku Scotland, mwana wa zaka 2 anamwalira atalasidwa m'mutu ndi mfuti ya mpweya. Imfayo inautsa mkangano waukulu, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2016 aliyense wokhala ndi mfuti yotere ku Scotland ayenera kukhala ndi cilolezo. Ku England munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kuigula, ndipo mwana wosakwana zaka 14 saigwiritsa nchito popanda munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo womuyang'anira. Eni ake mfutizi amaziona ngati zida, ndipo ifenso tiyenera kuziona motero.

Palinso ngozi ina yosaoneka. Anyamata amakonda kusunga tizipolopolo m'kamwa kuti adzaze mfuti mofulumira. Tizipolopolo timeneti ndi ta mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana. Anthu a m'dziko lino akudziwa bwino zimenezi cifukwa ca Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe ana mpaka lero. Mwana aphunzitsidwe kusunga tizipolopolo m'kacitini ndi kusamba m'manja asanadye.

Ulenje unali sukulu

Sitikunena kuti ndi coipa mnyamata kulakalaka ulenje. M'midzi yathu ulenje unali sukulu, ndipo unali ndi makalasi ake. Mwana anali kuyamba ndi kukumba mbewa m'cilimwe, kenaka legeni ndi misampha. Akakula pang'ono anali kutsatira atate ake kapena amalume ake ku uzimba, nchito yake ili kunyamula ndi kupenyerera. Anali kuphunzira kuwerenga mapazi a nyama, kudziwa kumene mphepo ikucokera, kukhala cete, ndi kugawa nyama mwacilungamo pobwerera kumudzi. Mfuti ya gogodela inali kugwiridwa ndi akuluakulu okha, ndipo mnyamata anali kuyenda zaka zambiri pambuyo pa mwini wake asanaloledwe kuikhudza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndiko kunali phunziro lalikulu.

Cimene casintha masiku ano ndi cakuti cida cimagulidwa m'sitolo tsiku limodzi, koma mphunzitsi sagulidwa naco pamodzi. Kholo limapereka mfuti ngati mphatso ya Khrisimasi, nkubwerera ku nchito zake, mwana natsala ndi anzake a msinkhu wake. Ngozi zambiri zimacitika pamenepo, anyamata atatu kapena anai akulandizana mfuti imodzi, aliyense akufuna kuonetsa anzake kuti iye ndi katswiri.

Tsono ticite ciani?

Coyamba, tifunse cimene banja likufuna kwenikweni. Ngati bvuto ndi kalulu wodya mbewu za m'dimba, mpanda wa waya wa nkhuku wotalika mita imodzi, womangika bwino m'munsi, umagwira nchito usiku wonse pamene mnyamata ali mtulo. Kusenga udzu m'mphepete mwa munda kumacotsa pobisala, ndipo galu wabwino amathandiza. Ngati cofunika ndi ndiwo, akalulu oweta ndi odalirika kuposa a m'chire. Kalulu wamkazi amatenga bere masiku 31 cabe, amaswa ana 6 kapena 8 nthawi imodzi, ndipo anawo amakhala okwana kudya pakatha miyezi itatu kapena inai. Mnyamata womanga khola ndi kuweta akalulu angapeze ngakhale ndalama ya mabuku.

Ngati colinga ndi cakuti mwana aphunzire kulinga, pamenepo mfuti ya mpweya ndi yoyenera kuposa mfuti ya onga, malinga pakhale malamulo a pakhomo osasinthika. Kholo lisanapereke ndalama lipite kwa apolisi, amene amayang'anira za zilolezo za mfuti, likanene mtundu ndi kukula kwa mfuti imene likufuna kugula. Lipitenso ku ofesi ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA, likamve zimene ziloledwa pa famu yake. Safunsa anadya phula. Mfuti ikabwera, isungidwe ndi kholo m'malo okhomedwa, tizipolopolo kwina. Mwana ayambe ndi pepala lojambulidwa kamzere kozungulira, kumbuyo kwake kuli culu, kutali ndi nyumba ndi njira. Asaloze munthu ngakhale mfuti ili yopanda kanthu, ndipo cala cisakhale pa kowombera kufikira atalinga. Amene sangalase kamzere ka ukulu wa khoini ya K1 kasanu motsatizana pa mamita 25, asaloledwe kuwombera camoyo ciliconse.

Zaka zokha sizinena zonse. Alipo mnyamata wa zaka 14 wofatsa, womvera, wosamala ziweto, amene angaphunzire bwino ali pambali pa atate ake. Aliponso wa zaka 18 amene amagenda agalu, amapsa mtima msanga ndi kukonda kudzionetsera, amene sayenera kupatsidwa ngakhale legeni. Makolo ndiwo amadziwa ana ao, ndipo ayenera kunena zoona kwa iwo eni, atate ndi amai atakhala pansi pamodzi, popeza ngozi ikagwa imagwera banja lonse ndi anansi omwe.

Yankho lathu tsono ndi ili. Pa kalulu wa m'chire la kuno, mfuti ya mpweya si cida cabwino: usana simupeza ataima, usiku lamulo likuletsa, ndipo kawirikawiri imangobvulaza. Pa kuphunzitsa mwana kudekha ndi kusamala cida, ingathandize, ngati pali munthu wamkulu wokhala naye nthawi zonse pamene mfutiyo ili m'manja mwake. Kholo limene lilibe nthawi yotero lisagule mfuti caka cino. Ndalamayo igule waya, misomali ndi akalulu awiri oweta, ndipo nkhani ya mfuti idzakambidwenso mwana akadzaonetsa kuti akutha kusamala zamoyo zimene zili m'manja mwake.