Kodi Wodala Ndani?

Mau akuti "wodala" amamveka kaŵirikaŵiri pakamwa pa akhristu athu. Munthu akadzaza nkhokwe, akabala ana ambiri, kapena akapeza ntchito yabwino, timati Mulungu wamdalitsa. Maganizo ameneŵa sali olakwa kotheratu, koma ali ndi msampha wake. Ngati wokolola zambiri ndiye wodala, nanga mai wosabala, kapena mlimi amene chimanga chake chapsa ndi dzuŵa, tinene kuti ngotembereredwa? Wansembe aliyense adzakumana nalo funso limeneli m'parishi, ndipo ayenera kuliyankha molongosoka.

M'Chipangano Chakale muli mau aŵiri a Chihebri onena za nkhaniyi. Oyamba ndi "barak", osonyeza Mulungu wopatsa moyo, ana ndi mtendere. Komabe pa Genesis 12 tiwona kuti Abrahamu adadalitsidwa kuti mitundu yonse ya anthu ilandire madalitso kudzera mwa iye. Motero dalitso ndi mphatso imene wolandira ayenera kupatsirako anzake. Mau achiŵiri ndi "ashre", amene buku la Masalimo liyamba nawo, ndipo anena za munthu woyenda m'njira za Mulungu. Buku la Yobe litichenjezanso kuti tisamayese chilungamo cha munthu poŵerenga zoŵeta zake: abwenzi atatu amene ankati Yobe akuvutika chifukwa cha machimo, ndiwo amene Mulungu adaŵadzudzula.

M'Chipangano Chatsopano mau ake a Chigriki ndi "makarios". Pa Mateyo 5 Ambuye Yezu atchula magulu asanu ndi atatu a anthu odala, ndipo mwa iwo muli olira ndi ozunzidwa. Pa Luka 6 atchula anai, naonjeza matsoka anai ogwera olemera ndi okhuta. Sakutamanda umphaŵi kapena njala ai, koma akulengeza kuti Mulungu ali pafupi ndi anthu amene dziko laŵataya. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti chuma, ulemu ndi mphamvu sizingakhutitse mtima wa munthu, pakuti kudala kwathunthu ndi kuwona Mulungu mwini.

Eklezia amaonetsa chiphunzitso chomwechi posankha anthu oŵatcha "Odala". Benedict Daswa anali mphunzitsi wamkulu ndi katekisti pakati pa Avenda ku South Africa. Mphenzi zitatentha nyumba m'mudzi mwao, akuluakulu adalamula kuti aliyense asonkhe ndalama zolipira sing'anga woti aloze mfiti. Iye adakana, podziŵa kuti munthu wosalakwa adzafera zimenezo. Pa 2 February 1990 adamupha, nasiya mkazi ndi ana. Anthu a m'mudzimo adaona tsoka, koma pa 13 September 2015 Eklezia adamutcha Wodala.

Tsono pophunzitsa tisamale mbali ziŵiri. Tithokoze Mulungu pamodzi ndi okolola, popeza mvula ndi ana nzochokeradi kwa Iye, ndipo tiŵakumbutse kuti m'nkhokwe yodzaza muli gawo la amasiye. Koma tisalonjeze anthu chuma m'dzina la Mulungu, ngati kuti chopereka ndi malonda. Mai wosabala uja amve kwa wansembe wake kuti sadatembereredwe, kuti ubatizo udamsandutsa mwana wa Mulungu, ndi kuti dalitso limenelo palibe chilala kapena imfa ingamlande.