Chiopsezo cha nsomba ya tuna chomwe moto wa makala sungachotse

MAPUTO – Mabanja ambiri m'chigawo cha kumwera ndi pakati pa Africa amakhulupirira kuti nsomba ikapsa bwino pa makala ndiye kuti palibenso choopa. Koma pa nsomba ya tuna ndi zina za m'nyanja ya mchere pali chiopsezo chomwe chimayamba nsombayo isanafike n'komwe pa mbaula.

Tuna ndi nsomba ya mnofu wofiirira yomwe imagwidwa kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean. M'dziko la Mozambique, lomwe gombe lake ndi lotalika makilomita pafupifupi 2,500, imagulitsidwa yaiwisi m'misika monga Mercado do Peixe mumzinda wa Maputo. M'maiko opanda gombe monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe imafika youndana kapena ya m'chitini, itayenda ulendo wautali.

Mnofu wa tuna uli ndi chinthu chachilengedwe chotchedwa histidine. Nsomba ikafa n'kukhala pamalo otentha kwa maola angapo, mabakiteriya amasandutsa chinthuchi kukhala histamine, yemwe akachuluka amadwalitsa. Moto umapha mabakiteriyawo, koma histamine amatsalira mu mnofu. Kuwotcha, kukazinga, kuwamba, kuundanitsa ngakhale kuika m'chitini sikumuchotsa. Vuto lomweli limapezekanso mu nsomba za mackerel, sardine ndi carapau.

Munthu amene wadya nsomba yotere amayamba kumva zizindikiro patangopita mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri ola lisanathe. Nkhope imatentha, mutu umapweteka, thupi limayabwa ndi kutuluka zidzolo, mtima umagunda mofulumira, ndipo ena amasanza kapena kutsegula m'mimba. Ambiri amachira tsiku lomwelo, koma amene akubanika ayenera kuthamangira naye kuchipatala. Ena amangoganiza kuti thupi lawo silikugwirizana ndi nsomba n'kuisiyiratu, chonsecho cholakwika ndi kasungidwe.

Chovuta n'chakuti nsomba yotereyi ikhoza kuoneka bwino, osanunkha konse. Nthawi zina imangowawa palilime ngati yathiridwa tsabola. Pachifukwa ichi, pamene tuna yawotchedwa ndi tsabola wa piri-piri, monga zimachitikira m'mbali mwa gombe la Mozambique, chenjezo lokhalo limabisika.

Motero chitetezo chagona pa kuzizira. Tuna yaiwisi iyenera kusungidwa pa madigiri 4 kapena kutsika apo, kuchokera m'bwato mpaka kukhitchini. Wogula asankhe yomwe yakwiriridwa m'madzi oundana, aigule pomaliza atatha kugula zina zonse, ndipo apite nayo kunyumba mosachedwa. Youndana isungunulidwe mu firiji, osati padzuwa kapena m'madzi ofunda. M'madera momwe magetsi amazimazima, n'kwanzeru kugula yongokwanira tsikulo. Chitini chikatsegulidwa, yotsala iikidwe m'mbale yovundikira mu firiji ndipo idyedwe masiku awiri asanathe.

Nsomba ikasungidwa bwino, kuwotcha kwake n'kosavuta. Mnofu udulidwe m'zidutswa zokhuthala masentimita awiri kapena atatu, upakidwe mafuta ophikira, mchere ndi adyo. Mandimu afinyiridwe chakumapeto, chifukwa akakhalitsa amaumitsa mnofu. Makala ayenera kuyamba ayera phulusa, malawi atazima, ndipo waya wowotcherapo upakidwe mafuta kuti nsomba isamatirire. Mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse zimakwanira, popeza tuna ikakhalitsa pamoto imauma n'kutaya kukoma. Komabe ya ana, okalamba ndi amayi oyembekezera iyenera kupsa mpaka m'kati, kufika madigiri 63.

Ma prawns, omwe ku Mozambique amatchedwa camarão, amapsa msanga kuposa apa. Amawotchedwa ndi makoko ake kuti asaume, ndipo amaphulidwa makokowo akangofiira, mnofu utayera. Mbale yomwe munali zaiwisi isaikidwemo zakupsa isanatsukidwe, ndipo zotsala zilowe mu firiji maola awiri asanakwane.

Mu 2016 bungwe la United Nations lidakhazikitsa 2 May kukhala tsiku lokumbukira tuna padziko lonse, pozindikira kufunika kwa nsombayi pa chakudya ndi chuma cha maiko. Koma kuti phindu limeneli lifike pa mbale ya banja, zimadalira msodzi, wogulitsa ndi wophika, aliyense kuonetsetsa kuti nsomba sinatenthedwe ili m'manja mwake.